Kuyesa Kuunika Kosakhalitsa Koposa Kuphethira kwa Diso

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Chalimbana

 Nkhani imene ndabwera nayo idzamveka ngati yakutali, pakuti makina amene ndidzachula ali ku maiko a kutsidya kwa nyanja. Koma ndipempha kuti mundilezere mtima, cifukwa tisanabalalike tidzafika nayo ku cigwa ca Luangwa, ndiponso m'kalasi mwathu momwe.

Tonse timaphunzitsa ana kuyesa. Timawauza kuti poyesa bwalo la mpira atenge cingwe, poyesa buku atenge rula, ndipo poyesa liwiro la mnyamata wothamanga ayang'ane koloko yowerenga masekondi. Pa zonsezi lamulo liri limodzi, ndilo lakuti muyeso ukhale ndi magawo ang'ono koposa cinthu cimene tifuna kuyesa. Palibe munthu angayese njere ya mapira ndi ndodo ya mbusa. Nanga tsono tidzacita ciani ngati cinthu cofuna kuyesedwa ciri cacifupi koposa zonse zimene tiri nazo, kotero kuti palibe koloko imene ingacipambane? Vuto limeneli anakomana nalo anthu a sayansi ogwira nchito ndi laser ya X-ray, ndipo m'mene analigonjetsera ndimo ndifuna kukufotokozerani lero.

Ambiri a ife X-ray tinaidziwira ku cipatala. Kuunika kumeneku, kumene maso sangathe kukuona, anakupeza Wilhelm Röntgen ku Würzburg m'dziko la Germany m'caka ca 1895. Kuli pa cibale ndi kuunika kwa dzuwa ndi kwa nyali, pakuti konseko kumayenda monga mafunde. Kusiyana kwace ndi kwakuti mafunde a X-ray ali afupi kwambiri, olingana ndi ukuru wa atomu, ndipo cifukwa cace akhoza kuonetsa m'mene maatomu akhalira m'kati mwa cinthu. Laser nayo inadza m'caka ca 1960, pamene Theodore Maiman ku California anatulutsa kuunika kofiira m'mwala wa ruby. M'nyali wamba mafunde amatuluka cisawawa monga ana poweruka, koma m'laser amayenda mwendo umodzi monga ana oguba pa mzere. Dzinali musalisokoneze ndi Leza wa makolo athu. Ndi mau a Cingerezi ofupikitsidwa cabe.

Kuphatikiza ziwirizi kunatenga zaka zambiri. Makina ace amathamangitsa maelekitironi, ndiwo tizidutswa ta magetsi topezeka m'atomu iri yonse, kufikira liwiro lao liyandikira la kuunika. Pamenepo amawapititsa pakati pa mzere wautali wa maginito amene amawakhotetsa uku ndi uku monga njoka, ndipo pa kukhota-khota kumeneko amatulutsa X-ray. Makina a FLASH ku Hamburg anayamba kutumikira ofufuza mu 2005, a LCLS ku Stanford m'California anawala mu 2009, a SACLA ku Japan mu 2011, ndipo a European XFEL, amene ali m'ngalande ya makilomita 3.4 pansi pa nthaka kuyambira ku Hamburg, anatsegulidwa mu 2017. Makina amenewa sawala kosalekeza monga nyali ai. Amang'anima monga mphezi, ndipo a European XFEL akhoza kutulutsa zing'aning'ani 27,000 pa sekondi imodzi.

Kodi cing'aning'ani cimodzi cimakhala nthawi yotani? Tengani sekondi imodzi muigawe magawo 1,000. Tengani gawo limodzi muligawenso magawo 1,000. Mucite cotero kufikira kasanu. Kagawo kamene katsala m'manja mwanu ndiko femtosekondi. Monga femtosekondi icepera sekondi, momwemonso sekondi icepera zaka mamiliyoni 32. Kuunika kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi, kotero kuti ulendo wocoka pano pa Chalimbana kunka ku Lusaka, wa makilomita ngati 50, kumaumaliza m'gawo limodzi la magawo 6,000 a sekondi. Koma pa femtosekondi imodzi, kuunika kwaliwiro cotereku kumangosuntha magawo atatu mwa magawo 10,000 a milimita. Cotero cing'aning'ani ca mafemtosekondi 30 ciri ngati kapepala ka kuunika kouluka, kopyapyala pafupi-fupi kakhumi koposa tsitsi la munthu.

Wina adzafunsa kuti, kufupika konseku phindu lace nlotani? Amene munajambulapo ana pa tsiku la masewera mudziwa kuti kamera ikacedwa kutseka diso lace, wothamanga amatuluka ngati utsi. M'caka ca 1878 Eadweard Muybridge anandandalika makamera pa munda wa Leland Stanford ku Palo Alto, najambula kavalo wothamanga. Ndipo popeza kamera iri yonse inaphethira msanga, zithunzi zinaonetsa kuti iripo nthawi imene miyendo yonse inai ya kavalo imakhala m'mwamba. Pa dziko lomwelo pali lero Univesite ya Stanford, ndipo makina a LCLS ali pa malo a univesiteyo. Akavalo amene afuna kuwajambula tsopano ndiwo maatomu, amene pogwirana ndi polekana amasuntha pa mafemtosekondi makumi kapena mazana. Ahmed Zewail, mwana wa ku Egypt m'Africa mwathu muno, analandira mphotho ya Nobel mu 1999 cifukwa ca kuonetsa kusuntha kumeneku ndi laser.

Ciripo cifukwa cina coposa ici. Cing'aning'ani ca X-ray ciri ndi mphamvu yoopsa, ndipo kanthu kali konse kamene ciomba kamaphulika nthawi yomweyo. Koma cikadutsa msanga, maatomu asanayambe kubalalika, cithunzi cimene cisiya ndi ca kanthuko kali kamphumphu. Cikacedwa pang'ono, cithunzi cimasakanizika ndi ca mabwinja. Motero wofufuza amene sadziwa utali wa cing'aning'ani cace sangathe kudziwa ngati cimene aona ciri coonadi kapena cionongeko cimene iye mwini wacita.

Apa ndipo nkhani ifika kwathu. Nthenda ya kaodzera, imene imadza ndi kashembe, tiidziwa ife a cigawo cino, makamaka anzathu ophunzitsa ca ku Rufunsa ndi m'cigwa ca Luangwa. Kacirombo ka mtundu wa kuno anakafotokoza koyamba Stephens ndi Fantham ku Liverpool mu 1910, atakapeza m'mwazi wa munthu amene anatenga nthendayi m'cigwa ca Luangwa. Ndipo mu 1912 Kinghorn ndi Yorke, akugwira nchito m'cigwa momwemo, anatsimikiza kuti kashembe wa m'thengo lathu ndiye akanyamula. Patapita zaka ngati 100, ofufuza a ku Germany ndi anzao anatenga puloteni ina ya kacirombo ka mtundu umenewu, yochedwa cathepsin B, imene kamagayira zakudya zace, napita nayo ku LCLS. Timiyala tace tinali tating'ono, tobvuta kujambula ndi X-ray wamba. Koma ndi zing'aning'ani za mafemtosekondi makumi owerengeka anaona maumbidwe ace, ndi malo amene mankhwala angaigwire kuti ileke nchito. Kupanga mankhwala ndi ulendo wina wautali, ndipo mankhwala akumwa a fexinidazole, amene anayesedwa ku Rumphi m'Malawi ndi ku Uganda, anadzera njira yina. Komabe cithunzi cija cikhulupirika cifukwa cing'aning'ani cinali cacifupi, ndipo kufupikako sikungangonenedwa pakamwa, kuyenera kuyesedwa.

Tsono aciyesa bwanji? Zipangizo za magetsi, ngakhale zofulumira koposa, ziri zocedwa pa nchito imeneyi. Kuziyesa nazo kuli ngati kuyesa kuphethira kwa diso poyang'ana mthunzi wa mtengo. Nzeru imene anapeza ndi iyi: ngati palibe cina cacifupi koposa cing'aning'ani, cidziyese cokha.

Poyamba amacigawa pawiri, natumiza magawo awiriwo njira ziwiri zimene zikomananso patsogolo. Njira imodzi iri ndi makalirole otha kusuntha, kotero kuti aitalikitsa kapena kuifupikitsa monga afuna. Akaitalikitsa ndi magawo atatu mwa magawo 10,000 a milimita, gawo lodzera m'menemo licedwa ndi femtosekondi imodzi. Taonani cimene cacitika: nthawi imene koloko inalephera kuiwerenga yasanduka mtunda, ndipo mtunda wotere amisiri akhoza kuuyesa. Ife tomwe timacita cimodzi-modzi tikaona mphezi ndi kuwerenga masekondi kufikira bingu limveka, podziwa kuti masekondi atatu ndiwo kilomita imodzi. Kungoti ife tisandutsa nthawi kukhala mtunda, pamene iwo asandutsa mtunda kukhala nthawi.

Koma kugawa kokha sikukwanira. Mukathira makapu awiri a madzi m'cidebe, kaya mwathira pamodzi, kaya mwathira cina pambuyo pa cinzace, madzi adzakhala omwewo, ndipo cidebe sicingakuuzeni kanthu. Coyesera kuunika wamba ciri ngati cidebe cimeneco. Cofunika ndi cinthu cimene cisamala ngati awiriwo afika pamodzi. Ganizani za cipika colemera cimene munthu mmodzi sangathe kucinyamula. Mmodzi akabwera m'mawa nayesa, wina nabwera madzulo nayesanso, cipika cidzagona pomwepo. Koma akagwira nthawi imodzi cidzanyamuka. Woyang'ana cipika cokha akhoza kudziwa ngati anthuwo anakomana.

Cipika cotere ca kuunika cinapezeka mu 1961, pamene Peter Franken ndi anzace ku Univesite ya Michigan anaomba mwala wa quartz ndi laser yofiira ija ya ruby. Kuseri kwa mwalawo kunatuluka, pamodzi ndi kofiira, kuunika pang'ono kwa mtundu wina kosaoneka ndi maso, kumene mafunde ace anali theka la oyambawo: mananomita 347 m'malo mwa 694. Timbewu tiwiri ta kuunika kofiira, tikafika pamodzi, tinaphatikana kukhala kambewu kamodzi kamphamvu. Akuti posindikiza nkhaniyo, osindikiza anayesa kadontho ka kuunika kwatsopanoko ndi litsiro, nakafafaniza pa cithunzi. Cofunika kwa ife ndi masamu ace. Mukawirikiza kawiri kuunika kolowa, kotuluka kwatsopanoko kumawirikiza kanai. Mukawirikiza katatu, kumawirikiza kasanu ndi kanai. Kuyankha kosayenderana ndi muyeso wa colowa kumeneku ndiko a sayansi amacha nonlinear optics. Cifukwa cace magawo awiri aja akafika motsatana, mwala umayankha pang'ono. Akayamba kukhudzana, umayankha kwambiri. Akagwera pamodzi kwathunthu, umayankha koposa. Wofufuza amasuntha kalirole pang'ono-pang'ono, nalemba yankho la mwala pa malo ali onse, ndipo zolembazo zimapanga cithunzi ca phiri. Kutambalala kwa phirilo ndiko kumuuza utali wa cing'aning'ani. Njira imeneyi amaicha autocorrelation.

Iri nako kulephera kwace. Phiri limene ipereka limaoneka cimodzi-modzi mbali zonse ziwiri, motero siinena ngati mphamvu inali kutsogolo kwa cing'aning'ani kapena kumbuyo kwace. M'zaka zoyamba za m'ma 1990 Daniel Kane ndi Rick Trebino anaonjezapo kuti kuunika kotuluka m'mwala kumwazidwe m'mitundu yace monga uta wa Leza, ndipo pamenepo maumbidwe onse a cing'aning'ani adziwika. Njirayo anaipatsa dzina lofupikitsa lakuti FROG, limene m'Cingerezi litanthauzanso cule.

Zonsezi zinayamba ndi kuunika koonekera ndi kwa pafupi nako. Pofika pa X-ray mabvuto anacuruka, pakuti khalidwe lomwe lija limene liicititsa kupyoza mnofu ku cipatala liicititsanso kusasamala galasi ndi kalirole wamba. Kuti aigawe, amaiombetsa cammbali pa mphepete ya kalirole wosalala koposa, monga mwana aponya phale kuti lidumphe pa madzi, kapena amagwiritsa nchito timapale topyapyala ta silicon. Ndiponso miyala imene iphatikiza kuunika kofiira mosabvuta imayankha mofooka kwambiri pa X-ray. Motero anafuna cipika cina, nacipeza mu mpweya wa helium. Atomu ya helium iri ndi maelekitironi awiri. Akasankha bwino mphamvu ya kuunika, kambewu kamodzi sikangathe kuwacotsa onse awiri, koma timbewu tiwiri tofika pamodzi tikhoza. Powerenga maatomu amene ataya onse awiri, ofufuza a ku FLASH analengeza mu 2009 kuti zing'aning'ani zao zinali za mafemtosekondi ngati 30. Pambuyo pace ena anaonetsa kuti ngakhale daimondi ikhoza kuphatikiza X-ray ndi kuunika kwa laser wamba, mu 2012, ndi kuphatikiza timbewu tiwiri ta X-ray yokha-yokha, mu 2014, ngakhale kuti zotulukazo zinali zocepa ndithu.

Litsala bvuto limodzi. Kuti phiri lija lijambulike pafunika zing'aning'ani zambiri-mbiri, cimodzi pa malo ali onse a kalirole, ndipo yankho lace ndi la zonse pamodzi. Koma m'makina ambiri a mtundu umenewu palibe zing'aning'ani ziwiri zofanana, cifukwa ciri conse cimabadwa m'cisawawa ca maelekitironi. Inu aphunzitsi mudziwa kuti avareji ya kalasi siikuuzani za mwana ali yense payekha. Kuti ayese cimodzi-cimodzi anapeza njira imene ndiifanizira ndi kuuluza mapira. Mai akamauluza pamene mphepo iri kutembenuka, mankhusu oyamba amagwera kum'mawa, otsatira kumwera, otsiriza kumadzulo. Ndipo wodza pambuyo, akadziwa m'mene mphepo inatembenukira, akhoza kuwerenga pa dwale nthawi imene nchitoyo inatenga. Momwemo X-ray imaomba mpweya nicotsa maelekitironi, pamene laser yina ya mafunde atali iri kuwakankha ndi mphamvu yozungulira monga dzanja la koloko. Elekitironi yotuluka poyamba imakankhidwira mbali yina, yotuluka pambuyo mbali yina. Mu 2018 ofufuza a ku LCLS analengeza kuti, ndi zoyesera 16 zoikidwa mozungulira, anaona maumbidwe a cing'aning'ani ciri conse pacokha; ndipo pofika 2020 njira ya mtundu womwewu inatsimikiza zing'aning'ani zosakwana ngakhale femtosekondi imodzi, za maatosekondi mazana owerengeka. Atosekondi ndiyo femtosekondi yogawidwanso magawo 1,000.

Tsopano tibwerere ku sukulu zathu, kumene tiribe laser kapena daimondi. Nzeru yaikuru ya nkhaniyi mukhoza kuiphunzitsa pa bwalo, osagula kanthu. Ikani ana anai pa mzere, ndi anai ena pa mzere wina woyang'anana nao, koma wosunthira kumbali kotero kuti palibe amene ali ndi mnzace patsogolo pace. Mwana mmodzi akhale cofulatira, asaone mizereyo. Mzere umodzi usunthe phazi limodzi, ndipo onse amene apezana maso ndi maso agwirane canza. Wina awerenge mokweza manja amene agwirana. Mucite cotero kufikira mizere ipitirirana. Wofulatirayo adzamva 0, 1, 2, 3, 4, 3, 2, 1, 0. Mfunseni kuti mzere uli ndi ana angati, ndipo muwasiye ana atsutsane kufikira apeza okha kuti phiri la manambala liulula utali wa mzere. Bwerezani ndi ana asanu ndi awiri osamuuza. Potsiriza mfunseni ngati angadziwe kuti wamtali anaima kutsogolo kapena kumbuyo. Adzaona kuti sangathe, ndipo pamenepo wapeza yekha kulephera kumene Kane ndi Trebino anakonza. Kugwirana canza ndiko cipika cathu cija, pakuti sikucitika popanda awiri.

Ndiri ndi pempho limodzi kwa inu, akuru anga. Kawiri-kawiri phunziro la kuyesa timalisandutsa la kuloweza kuti mamilimita 10 ndiwo sentimita imodzi, ndipo mwana amacoka osafunsapo kuti, muyeso uwu ndiukhulupirire cifukwa ninji, nanga ukalephera ndicite ciani? Mafunso awiri amenewa ndiwo anatsogolera anthu onse amene ndachula lero. Mwana amene anazolowera kuwafunsa adzawafunsanso pa sikelo ya wogula cimanga, pa muyeso wa feteleza, ndi pa mankhwala a mwana wodwala. Ndipempha kuti ali yense wa ife ayese sewero la mizere lija teremu ino, ndipo pa msonkhano wotsatira tidzauzane ana a giredi iti analimvetsa, ndi mafunso amene anatifunsa.